Mtsinje Ukaphwa, Katundu Amayenda Bwanji? Nkhani ya Mabarge ndi Sitima Zapamadzi

Mu Okutobala 2022 mtsinje wa Mississippi ku America unaphwa moti zombo zonyamula chimanga ndi soya zinayamba kutitimira mumchenga. Panali masiku amene zombo zoposa 2,000 zinangoima pamzere kudikira kuti makina akumbe njira. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake vuto lomweli linali litagwira mtsinje wa Rhine ku Germany. Chaka chotsatira tinamva kuti ngalande ya Panama yachepetsa sitima zodutsamo chifukwa cha ng'amba, ndipo chakacho chisanathe sitima zinayamba kulambalala Nyanja Yofiira poopa mizinga.

Nkhani zotere zimatipeza zodukaduka, lero iyi mawa ina, ndipo timaziyesa za kutali. Komatu feteleza, mafuta a galimoto, tirigu wophikira buledi ndi mankhwala ambiri a m'zipatala amayamba ayenda pamadzi asanafike ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban. Bungwe la United Nations loona za malonda, la UNCTAD, limati katundu woposa 80 peresenti wa malonda a pakati pa mayiko, tikamuyeza kuchuluka kwake, amayenda panyanja. Ifenso tili ndi yathu ya doko la Nsanje, imene imangobwererabwerera anthu ambiri osamvetsa chimene chinavuta. Kuti zonsezi zimveke, tiyambire pa chombo chimene chimasenza kwambiri koma sichitchulidwatchulidwa.

Barge n'chiyani?

Barge ndi chombo chachitsulo chophwatalala kunsi, chooneka ngati chibokosi chachitali choyandama. Mabarge ambiri alibe injini, alibe chiwongolero, ndipo simukhala munthu. Ntchito yake ndi kusenza basi. Choiyendetsa ndi boti lina la injini zamphamvu limene limakhala kumbuyo n'kumakankha. Zili ngati ngolo ndi ng'ombe. Ngolo payokha siyenda, koma ng'ombe zomwezo zingasiye ngolo imodzi kumunda ikupakiridwa, n'kupita kukakoka ina imene yadzaza kale. Boti lokankha nalo silitaya masiku padoko kudikira kuti katundu atsitsidwe: limasiya mabarge odzaza, n'kutenga ena. N'chifukwa chake makampani akuluakulu a ntchitoyi ku America, monga Ingram Barge Company ya ku Nashville ndi American Commercial Barge Line, ali ndi mabarge masauzande koma maboti okankha ochepa kwambiri poyerekeza.

Barge wamba ya pa Mississippi ndi yotalika pafupifupi mamita 59, mulifupi mamita 11, ndipo imanyamula matani pafupifupi 1,500. Ameneyo ndi katundu wa magalimoto akuluakulu pafupifupi 50 a matani 30. Kumtunda kwa mtsinjewu amamanga mabarge 15 pamodzi ndi zingwe zachitsulo, atatu mulifupi asanu mulitali, boti limodzi n'kuwakankha onse. Mukawerengera m'matumba a makilogalamu 50, ulendo umodzi wotere ndi matumba oposa 400,000. Kumunsi kwa mzinda wa St. Louis, kumene mtsinje ndi wotakata ndipo mulibe madamu a zitseko zokwezera ndi kutsitsira zombo, boti limodzi limakankha mabarge 30 mpaka 40.

Nzeruyi ndi yakale. Ku England ngalande ya Bridgewater inatsegulidwa mu 1761, akavalo akukoka mabarge a malasha kuchokera m'mphepete, ndipo mtengo wa malasha ku Manchester unatsika ndi theka. Pa Mississippi alimi ankakhoma zombo zamatabwa zongotsata madzi mpaka ku New Orleans. Akafika ankagulitsa katundu ndi matabwa omwe, n'kubwerera kwawo wapansi, chifukwa kukwera mtsinje kunali kosatheka. Sitima za nthunzi, kuyambira mu 1811, ndi zimene zinachititsa kuti ulendo ukhale wopita ndi wobwerera. Injini za dizilo zinadzamaliza ntchitoyo.

Kutchipa kwake kumachokera kuti?

Chombo chikayandama, kulemera konse amasenza ndi madzi. Injini imangolimbana ndi kukankha madziwo, ndipo ukamayenda pang'onopang'ono sipafunika mphamvu zambiri. Palibe matayala otha, palibe msewu wokumbika. Kafukufuku wa bungwe la ku America la Texas A&M Transportation Institute anapeza kuti pa lita imodzi ya mafuta, tani ya katundu imayenda mtunda wopitirira kanayi pa barge kuposa pa galimoto, ndipo imaposanso pa njanji. Dziwani kuti kafukufukuyu anamupempha ndi bungwe loimira a malonda a m'mitsinje, choncho ena amamuwerenga mosamala. Koma zoti madzi ndi otchipa kuposa msewu palibe amene amatsutsa.

Choipa chake ndi kuchedwa. Mabarge amatenga masabata pa ulendo umene galimoto ingayende masiku awiri kapena atatu. Ndiye amanyamula katundu wolemera, wosathamangitsa ndiponso wosawola msanga: chimanga, soya, malasha, miyala, simenti, zitsulo, feteleza ndi mafuta. Mbewu pafupifupi 60 peresenti zimene America imagulitsa kunja zimatulukira kumunsi kwa Mississippi, m'madoko a ku Louisiana. Mabarge omwewo pobwerera amakwera ndi feteleza, mchere ndi zitsulo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa barge yobwerera yopanda kanthu imadya phindu la ulendo wopita.

Pali chinthu china chimene sichioneka pa mtengo umene mwini katundu amalipira. Mtsinje sukhala msewu wa zombo mwa iwo wokha. Mchenga umasuntha, matope amaunjikana, njira ya chaka chatha imatsekeka. Ku America gulu la mainjiniya a asilikali, US Army Corps of Engineers, ndi limene limakumba mtsinje kuti njira ikhale yakuya mamita 2.7, ndipo limayendetsa madamu okhala ndi zitseko za madzi kumtunda kwa Mississippi. Zitsekozi zimagwira ntchito motere: zombo zimalowa m'chipinda cha konkire, zitseko n'kutsekedwa, madzi n'kuwonjezedwa kapena kuchepetsedwa mpaka zombozo zitafika pa msinkhu wa madzi a mbali inayo. Zambiri mwa zitsekozi zinamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo zipinda zake ndi za mamita 183, pamene mzere wa mabarge 15 ndi wautali pafupifupi kawiri. Amayamba aumasula pakati, kulowetsa theka, kenako theka linalo, ntchito ya maola angapo pa damu lililonse. Chitseko chimodzi chikawonongeka, onse amaima.

Eni mabarge amalipira msonkho wa masenti 29 pa galoni ya dizilo wothandizira zomangamanga, koma ndalama zokumbira ndi zosamalira tsiku ndi tsiku zimachokera kuthumba la boma. Mu 2021 boma la America linaikanso padera madola 2.5 biliyoni okonzera njira za m'mitsinje. Otsutsa amati uku ndi kukondera, chifukwa makampani a njanji amasamalira okha njanji zawo. Oikira kumbuyo amati madamu omwewo amathandizanso pa madzi akumwa, magetsi ndi zina, ndipo mabarge amapeputsa misewu. Kaya ndani akulondola, choonadi n'chakuti kutchipa kwa barge kuli ndi wina amene akukulipirira.

Masentimita 30 okha

Mawu ofunika kwambiri pa ntchitoyi ndi kuya. Chombo chikamalemera, chimalowa kwambiri m'madzi. Mbali imene yalowa m'madziyo iyenera kuchepera kuya kwa mtsinje pamalo osaya kwambiri a ulendo wonse. Mtsinje ungakhale wakuya mamita 20 kwina konse, koma ngati pali malo amodzi a mamita awiri, malo amenewo ndi amene amalamula katundu wopakira.

Pa barge ya Mississippi, madzi akatsika ndi masentimita 30, mwini wake amachotsa matani pafupifupi 200 m'barge iliyonse. Pa mzere wa mabarge 15 ndi matani 3,000 otsala padoko. Mtsinje ukaphwa umachepanso mulifupi, ndiye mabarge omangidwa pamodzi amachepetsedwa. Koma boti, mafuta ndi malipiro a antchito zimakhala zomwezo. Apa m'pamene mtengo umalumphira. Mu Okutobala 2022, nyengo yokolola ili pachimake, kunyamula tani imodzi kuchokera ku St. Louis kunadutsa madola 100, kuwirikiza katatu kapena kuposa mtengo wa chaka cham'mbuyo. Amene anamva kuwawa poyamba ndi mlimi, chifukwa ogula m'mphepete mwa mtsinje anatsitsa mtengo wogulira. Mumzinda wa Memphis, m'mphepete mwa mtsinjewu, muyeso wa madzi unatsika kuposa kale lonse mwezi umenewo, ndipo mu Okutobala 2023 unatsikanso kuposa pamenepo. Chaka chimenecho madzi amchere a m'nyanja anayamba kukwera mtsinje kulowera ku New Orleans, mpaka mainjiniya anaunjika chimulu cha mchenga pansi pa mtsinje kuti awatchinge asaononge madzi akumwa.

Ku Ulaya maso onse amakhala pa tauni yaing'ono ya Kaub, pamene Rhine ndi wosaya ndiponso wamiyala. Mtsinjewu umalumikiza doko la Rotterdam ndi Duisburg, doko lalikulu kwambiri la mkati mwa dziko ku Ulaya, kupitirira mpaka ku Basel ku Switzerland. Zombo za kumeneko zambiri zili ndi injini zakezake, ndipo zambiri ndi za mabanja amene amakhala m'chombo momwemo. Mu Okutobala 2018 muyeso wa pa Kaub unafika masentimita 25, ndipo mu Ogasiti 2022 unafika pafupifupi 30. Nambala imeneyi imasokoneza ambiri. Sikutanthauza kuti munthu angawoloke Rhine madzi akulekeza m'maondo. Muyeso umawerengedwa kuchokera pa chizindikiro chimene anachikhazikitsa kalekale, ndipo njira yeniyeni ya zombo ndi yakuya kuposa nambalayo ndi mita imodzi ndi pang'ono. Komabe pa msinkhu wotere zombo zinkayenda ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a katundu wake. Kampani ya mankhwala a m'mafakitale ya BASF, imene fakitale yake yaikulu ili ku Ludwigshafen, inati kuphwa kwa 2018 kunaitayitsa mayuro pafupifupi 250 miliyoni. Inayankha pokonzetsa chombo chatsopano chotakata ndi chopepuka, Stolt Ludwigshafen, chimene chinayamba ntchito mu 2023 ndipo chimadutsa pa Kaub ngakhale madzi atachepa kwambiri.

Ku Brazil nakonso, kumene soya wambiri amatsika ndi mabarge pa mitsinje ya Madeira ndi Tapajós, madzi padoko la Manaus anatsika kuposa kale lonse mu Okutobala 2023, n'kubwerezanso mu Okutobala 2024.

Kumene barge imathera, sitima imayambira

Barge ya mumtsinje siipirira mafunde a panyanja yaikulu. Ikafika kumathero a mtsinje, katundu amasamutsidwira m'sitima zikuluzikulu, ndipo kusamutsa kulikonse ndi ndalama: makina, antchito, nkhokwe, kuchedwa, ndi katundu wotayika. Sitimazo nazo zili ndi mipata yopapatiza imene zimadalira.

Ngalande ya Panama, yotsegulidwa mu 1914 n'kukulitsidwa mu 2016, imadwala matenda omwewo a mitsinje. Sitima zimakwezedwa ndi zitseko kufika pa nyanja ya Gatún, ya madzi a mvula, ndipo sitima imodzi ikadutsa pa zitseko zakale, malita pafupifupi 200 miliyoni amatayikira kunyanja yamchere. Madzi a m'nyanja ya Gatún yomweyo ndi amene amamwa anthu a m'mizinda ikuluikulu ya dzikolo. Mvula itavuta mu 2023, sitima zodutsa patsiku zinatsika kuchoka pa 36 kufika pa 22 mu Disembala. Malo pamzere ankagulitsidwa pa okushoni, ndipo kampani ina inalipira madola pafupifupi 4 miliyoni kuti sitima yake idutse msanga. Mvula itabwerera mu 2024 zinthu zinabwerera mwakale.

Ngalande ya Suez, ya 1869, ilibe zitseko ndipo sidalira mvula. Mavuto ake ndi ena. Mu Malichi 2021 sitima ya Ever Given, ya mamita 400, inapingasa n'kutseka njira masiku 6. Chachikulu chinayamba pa 19 Novembala 2023, pamene gulu la Houthi la ku Yemen linalanda sitima ya Galaxy Leader, n'kuyamba kuombera sitima zina, likunena kuti likuchita zimenezi chifukwa cha nkhondo ya ku Gaza. Sitima ya Rubymar, yonyamula feteleza, inamira mu Malichi 2024, ndipo mwezi womwewo antchito atatu a m'sitima ya True Confidence anaphedwa. Mu Julayi 2025 zinamiranso ziwiri, Magic Seas ndi Eternity C. Pokamba za mitengo tisaiwale kuti m'sitimamo muli anthu, ambiri a ku Philippines ndi India, amene nkhondoyo si yawo.

Makampani akuluakulu anasankha kuzungulira ku Cape of Good Hope, ulendo wowonjezera masiku 10 mpaka 14 pakati pa Asia ndi Ulaya. Ndalama zimene Egypt imapeza pa ngalandeyi zinatsika kuchoka pa madola pafupifupi 10 biliyoni mu 2023 kufika pa pafupifupi 4 biliyoni mu 2024. Wina angafunse kuti nanga katundu wochokera ku China kapena India kubwera ku Beira, amene sadutsa n'komwe ku Nyanja Yofiira, akukhudzidwa bwanji? Yankho ndi lakuti sitima ndi makontena a padziko lonse ndi owerengeka. Ulendo uliwonse ukatalika, sitima zomwezo zimanyamula kochepa pachaka, ndipo mtengo umakwera ngakhale pa njira zimene kulibe mizinga.

Mtsinje uli ndi eni ake

Kuya kukakhalapo, ndalama zokumbira zikapezeka, patsala funso la malire. Mtsinje wodutsa mayiko angapo umayendeka pokhapokha mayikowo atamvana.

Pa Rhine nkhaniyi anaithetsa kalekale. Bungwe loyang'anira maulendo a pamtsinjewu linakhazikitsidwa mu 1815, ndipo pangano la ku Mannheim la 1868 linati zombo ziziyenda momasuka popanda msonkho wongodutsira. N'chifukwa chake Switzerland, dziko lopanda gombe la nyanja yamchere, limalandira mafuta ndi katundu wina pa doko la Basel ngati kuti nyanja ili pakhomo.

Chitsanzo choyandikira kwa ife ndi Paraguay. Nalo ndi dziko lotsekeredwa mkati, lodalira ulimi, ndipo gawo lalikulu la malonda ake akunja limayenda pa mitsinje ya Paraguay ndi Paraná, njira ya makilomita pafupifupi 3,400 kuchokera ku Cáceres ku Brazil kukafika ku Nueva Palmira ku Uruguay. Gulu lake la mabarge limawerengedwa kuti ndi lachitatu padziko lonse, kutsatira America ndi China. Mayiko asanu, Argentina, Bolivia, Brazil, Paraguay ndi Uruguay, anasainirana pangano la njirayi mu 1992. Komabe mu Januwale 2023 Argentina inayamba kulipiritsa madola 1.47 pa tani pa chigawo china cha Paraná, ikunena kuti ikuwononga ndalama posamalira njira ndi zizindikiro zake. Anzake anayi anakana, ponena kuti dziko limodzi silingagamule palokha. Zombo zina zinagwidwa chifukwa chosalipira, ndipo kukambirana kunatenga miyezi yambiri. Onjezanipo kuti mu 2021 Paraná anaphwa kuposa nthawi ina iliyonse kuyambira 1944. Pangano la zaka 30 silinaletse mkangano, koma linapereka bwalo lokambiranapo.

Shire ndi Zambezi

Njira ya pamadzi yopita kunyanja si yachilendo kuno. Isanabwere njanji, katundu ndi anthu ankalowera pa Chinde, kumathero kwa Zambezi, pamene Britain inapatsidwa malo ndi Portugal mu 1891. Sitima zikuluzikulu zinkaima kutali ndi gombe chifukwa cha mchenga wa pakamwa pa mtsinje, katundu n'kusamutsidwira m'zombo zing'onozing'ono. Sitima za nthunzi za African Lakes Company ndi makampani ena zinkakwera Zambezi ndi Shire kufika ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ku Chiromo, ndipo madzi akakhala ambiri mpaka kufupi ndi Chikwawa. Kupitirira apo mathithi a Kapichira, amene anabweza David Livingstone mu 1859, ankatseka njira, ndipo katundu ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga. Mathithi omwewo ndi amene mpaka lero amalekanitsa zombo za pa Nyanja ya Malawi ndi Shire wakumunsi.

Chinapha njirayi koyamba ndi kuphwa kwa madzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanja inatsika, Shire n'kuyamba kuchepa, ndipo cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja anasiya kutuluka bwino kulowa mumtsinje. Njanji ya Port Herald mpaka Blantyre inatsegulidwa mu 1908, koma posakhalitsa sitima zapamadzi zinayamba kulephera kufika ngakhale pa Port Herald pomwepo, moti pofika 1915 njanjiyo inali itatalikitsidwa kukafika ku Chindio pa Zambezi. Mlatho wa njanji wa Dona Ana, wowoloka Zambezi, utatha mu 1935, katundu anayamba kupita ku Beira osakhudza madzi a mumtsinje.

Pulezidenti Bingu wa Mutharika anadzutsanso ganizoli. Njirayi ndi yochokera pa Nsanje kufika ku Chinde, ndipo chiyembekezo chinali chakuti mtengo wobweretsera feteleza ndi mafuta utsike kwambiri. Malawi, Mozambique ndi Zambia anasainirana chikalata cha mgwirizano mu 2007. Doko linatsegulidwa pa 23 Okutobala 2010, Robert Mugabe wa Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa Zambia ali pomwepo, koma Armando Guebuza wa Mozambique sanabwere. Barge ya feteleza imene inkayembekezeka pa mwambowo inaimitsidwa ndi akuluakulu a Mozambique ku Marromeu. Mozambique inati kafukufuku wa zachilengedwe ndi wa zachuma ayambe wachitika zombo zisanayende.

Kafukufukuyo, wolipiridwa ndi African Development Bank, anatuluka mu 2015, ndipo mbali iliyonse inagwira mfundo yake. A ku Malawi anatsindika zoti mitsinjeyi ingayendeke. A ku Mozambique anatsindika zoti kukumba mchenga chaka ndi chaka ndi kuchotsa namasupuni kungadye ndalama zambiri kuposa phindu lake, komanso kuti kungasokoneze madambo a kumathero kwa Zambezi. Mfundo ziwirizi sizitsutsana kwenikweni. Mtsinje ungayendeke koma osapindulitsa, ndipo kupindulitsa kumadalira kuchuluka kwa katundu ndi amene akulipira zokumba.

Ena amati Mozambique ikungoteteza madoko ake a Beira ndi Nacala, amene amapeza ndalama pa katundu wa Malawi. Dziko lililonse limaonadi za thumba lake. Koma tisaiwale kuti mu 2012 boma la Mozambique lomwelo linakanizanso kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto kutsitsa malasha a ku Tete ndi mabarge pa Zambezi, pa zifukwa za chilengedwe. Kampaniyo inalengeza mu Januwale 2013 kuti yataya madola pafupifupi 3 biliyoni pa migodi imeneyo, ndipo mu 2014 inaigulitsa pa madola 50 miliyoni okha. Lero malasha ambiri a ku Moatize, m'chigawo cha Tete, amayenda pa njanji ya makilomita 912 yodutsa m'Malawi kukafika ku Nacala, doko lakuya mwachilengedwe, losiyana ndi Beira imene njira yake imafuna kukumbidwa nthawi ndi nthawi.

Za utsi

Sitima zapamadzi zimatulutsa pafupifupi 3 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko. Bungwe la IMO, la United Nations, limene likulu lake lili ku London, linalamula kuti kuyambira Januwale 2020 sulufule wa m'mafuta a sitima atsike kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 peresenti. Mu 2023 mayiko anagwirizana zothetsa utsi wotenthetsawo pofika cha m'ma 2050. Mayiko a European Union anayamba okha kulipiritsa sitima pa utsi mu 2024. Ndondomeko ya dziko lonse yolipiritsa sitima zoipitsa inavomerezedwa koyamba mu Epulo 2025, koma mu Okutobala chaka chomwecho mayiko anaimitsa kaye chigamulo chomaliza kwa chaka chimodzi, America ndi Saudi Arabia ali patsogolo pokana.

Mafunso amene adakali poyera

Loyamba ndi la madzi. Kodi kuphwa kwa 2018, 2022, 2023 ndi 2024 ndi zaka zoipa zongotsatizana, kapena ndi mmene mitsinje izikhalira? Yankho lake ndi limene lingauze kampani ngati igule zombo zopepuka zonyamula pang'ono, boma ngati likumbe mozama, kapena onse ngati asamukire ku njanji. Kukumba nako kuli ndi otsutsa, amene amati kumathamangitsa madzi, kumaumitsa madambo ndiponso kumapha malo oswanirana nsomba. Ku Panama akufuna kumanga damu latsopano pa mtsinje wa Indio, ndipo anthu a m'midzi imene idzamizidwe ali ndi mawu awo.

Pa Nyanja Yofiira, makampani a sitima ndi a inshuwalansi adzakhutira liti kuti njira ndi yotetezeka? Ndipo sitima zonse zikabwerera ku Suez, ulendo n'kufupika, kodi mitengo yonyamulira idzagwa mpaka pati, poti makampani anaitanitsa sitima zatsopano zambiri pamene phindu linali lokwera?

Pa za utsi, mayiko osauka ndi akutali ndi misika akufunsa kuti ndalama yolipira pa utsi idzathera pa ndani. Sitima ikalipira, mtengowo umatsikira kwa wogula thumba la feteleza. Kodi gawo la ndalamazo lidzabwerera kwa mayiko otere, kuphatikizapo opanda gombe ngati Malawi ndi Zambia?

Pa Nsanje mafunso ndi omwe aja a pa Mississippi ndi Paraná. Kodi Shire ndi Zambezi amakhala akuya bwanji mu Okutobala ndi Novembala, nthawi imene feteleza amafunika kwambiri koma madzi ali ochepa? Madamu a Cahora Bassa ndi Kariba, ndi zitseko za pa Liwonde, amatulutsa madzi potsata zofuna za magetsi ndi ulimi. Kodi angawerengerenso zombo? Popeza gawo lalikulu la njirayi lili m'Mozambique, adzalipira zokumba ndani, ndipo Mozambique idzapezapo chiyani? Katundu akafika ku Chinde, adzasamutsidwira pati kulowa m'sitima zikuluzikulu? Ndipo mabarge akakwera ndi feteleza ndi mafuta, adzatsika ndi chiyani: kodi shuga wa ku Nchalo, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya ndi nandolo zingakwane kuwadzaza chaka chonse, eni ake n'kuvomera kusiya njanji ndi msewu?